Mapazi a Bambo Anga

Pune, 16 Novembala 2003

Make Kopila,

Moni wanga akupeze uli wamphamvu. Ine ndili bwino, mimba yokha ndiyo ikukana madzi a kuno. Kopila umuuze asamajombe kusukulu. Nanga Bambo adzuka bwanji, akudya? Ndafunsatu, usadzati sindinafunse.

Ntchito ndaipeza, msuweni wanga Hikmat sananame. Ndi nyumba yosamalira okalamba odwala khansa, kuseri kwa msika wa maluwa. Ndimakolopa, kutembenuza odwala pabedi, kuwaperekeza kubafa. Chakudya amatipatsa konko, koma mpunga ndi kamodzi patsiku, kwinako ndi chapati wouma ngati chikopa. Dzina langa palibe alifuna. Aliyense wochokera kwathu ku Nepal kuno ndi Bahadur, ndiye mwamuna wako Yamlal anatsala pa chipata cha m'malire.

Pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi ulendo wonse. M'mawa umene ndinanyamuka iwe unali kukhola ukukama njati yathu yoweta, sunaone. Ndinalowa kwa Bambo kukatsanzika. Anali atagona moyang'ana kukhoma, bulangete atafunda kumutu, mapazi okha ali pamtunda. Ndinagwada n'kuika chipumi changa pamapazi awo monga ndakhala ndikuchitira chiyambire ndili mwana. Ndinakhala choncho mpaka basi inaliza hutala kumsewu. Dzanja lawo silinabwere pamutu panga, ngakhale chala chakuphazi sichinagwedezeke. Sanali m'tulo ayi, ndinawamva akutsokomola.

Ukukumbukira zomwe ananena madzulo ake: "Ukupita kukatawasa makolo a eni ake, wako n'kumusiyira mkazi? Ndikafa, moto wotenthera mtembo wanga adzayatse ndani?" Ndinkati pofika m'mawa mtima ukhala utatsika. Kodi amayesa diripi yawo ya khansa ya kuchipatala cha ku Bharatpur ija timailipira ndi masamba a mango? Munthu kuchoka pakhomo opanda dalitso la bambo ake kumawawa, make Kopila. M'basi ndinalira ngati mwana, ndinanamizira fumbi.

Koma ndaganiza chochita. Chipinda cha njerwa chimene tinasiyira panjira chija ndichimaliza, chikhale chawo. Pansi sipakhala ndowe ndi dothi ayi, pakhala matailosi oyera onyezimira ngati a m'nyumba ya msilikali wopuma uja wa ku Ghorahi. Adzaone okha ngati mwana wawo anathawa.

Tsiku la diripi lisakudutse. Uziwaphikira mphodza zamadzimadzi, zouma amazibweza.

Ndine,
Yamlal


Pune, 11 Januwale 2004

Make Kopila,

Kalata yako yafika, ndasangalala kumva kuti nonse mulipo ndipo chotupa cha m'khosi mwa Bambo chayamba kuphwa. Ine ndilipo. Msana umandikumbutsa madzulo kuti anthu odwala amalemera, koma usade nkhawa. Za kumene ndimagona ndidzakuuza pamaso.

Hikmat akubwera kumudzi sabata ino, akupatsira marupi amene ndasunga. Patula kaye za chipatala, zotsalazo upite ndi mmisiri Budhram ku Ghorahi mukasankhe matailosi. Ndawerenga zomwe walemba, zakuti akanyowa amaterera ngati sopo ndipo simenti yokhakhala ingakwane. Iwe mayi, simenti yokhakhala ndi ya m'khola. Ndanyamula mikodzo ya anthu miyezi iwiri kuti bambo anga aponde pa zinthu zooneka. Sankha osalala, amene munthu amadzionerapo nkhope.

Nkhani ya patapata ija yandiseketsa mpaka mlonda wandifunsa ngati ndalandira uthenga wa ukwati. Ndiye kuti Bambo anayenda kuchokera ku sitolo ya tiyi mpaka kunyumba ndi patapata mmodzi, wina atatsala pamlatho, iwo osadziwa? Ukalamba ndi umenewo. Kapena maganizo anali kuno, akundikonzera mawu ena ondilasa nawo. Uwagulire ena, koma usanene kuti ndalama ndi zanga, angawaponye m'ngalande.

Kuno ndili ndi nkhalamba ina imene imandikumbutsa iwo, a Karmarkar, anali kalaliki wa njanji. Khansa yawo ndi ya m'matumbo, koma pakamwa mpabwinobwino. Ndikawagwira mkono popita kubafa amati, "Bahadur, chotsa dzanja, sindine mkwatibwi." Ndikachotsa amati, "Ukufuna ndigwe kuti utenge wotchi yanga?" Ndimangoseka. Nkhalamba ya eni ake ikakunyoza sizilowa mumtima.

Wa pabedi loyandikana nawo anatisiya Lachitatu. Ana ake anafika atazizira kale. Ndinamusambitsa ndine.

Mpiru mukakolola usagulitse wonse, usiyeko wa mafuta a pakhomo. Kodi Bambo anafunsapo za ine, ngakhale kamodzi?

Ndine,
Yamlal


Pune, 7 Malichi 2004

Make Kopila,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Hikmat wabwerako ndipo wandiuza zomwe iwe unandibisira. Akuti Bambo amakhala pa sitolo ya tiyi n'kumauza aliyense wofika kuti mwana wawo anachoka ngati mlendo wa pa lendi, osagwira mapazi a bambo ake. Akuti amanena kuti, "Ndinamumva akulowa, anaima pang'ono, n'kutuluka. Ngakhale galu amanunkhiza mwini wake." Mawu amenewa pamaso pa mudzi wonse!

Ine ndine wosagwira mapazi? Chipumi changa chinazizira pa zidendene zawo mpaka basi inatsala pang'ono kundisiya. Kundikaniza dalitso ndinapirira, ndinati ndi matenda. Koma bodza ili landipweteka kuposa mbama. Munthu wamkulu, wopembedza m'mawa uliwonse, kunamizira mwana wake chifukwa chofuna kuti anzake amumvere chisoni. Ndinali nditayamba kuwalembera kalata yawoyawo, ndaing'amba.

Walemba kuti chipinda chatha, anthu akubwera kudzasuzumira, koma eni ake akana kulowamo. Akuti ndi chipinda cha a bwana a ku Pune, iwo adzafera pa dothi lomwe anabadwirapo. Asiye. Usawakakamize, usawanyengerere. Khoma chitseko, kiyi usunge. Ndikadzabwera pa chikondwerero cha Dashain ndidzagonamo ndekha, aziona.

Ponena za chidendene chomwe apsa pa moto, upakepo mafuta aja a m'kachubu, osati ndowe. Koma inunso mumakhala mukuyang'ana kuti? Munthu mpaka kupsa n'kutuluka thuza, iye ali phee kuotha, osafuula? Ndikuwadziwa, ndi liuma lomwelo, safuna kuti mpongozi awaone akumva kuwawa. Unalembanso kuti wawapeza kawiri atakhala pansi pa njira ya kuchimbudzi, iwo n'kunena kuti akupumula. Uwauze azipumulira pa mpando.

Usandiyankhe kuti ine ndi iwo ndife amodzi. Ndikudziwa kuti ndi zomwe ukuganiza.

Feteleza wa chimanga ugule msanga mitengo isanakwere.

Ndine,
Yamlal


Pune, 2 Meyi 2004

Make Kopila,

Moni. Ndili moyo, kutentha kokha kwafika poipa. Kalata ino uwerenge uli wekha kaye, kenako ukawerengere Bambo mbali imene ndikuuze.

Mwezi watha gogo wina wamkazi anagwa kubafa kuno n'kuthyoka fupa la m'chiuno, sanadzukenso. Zitatero kunabwera namwino wamkulu watsopano, Sisitala Aleyamma wa ku Kerala, wamfupi, wosaseka chisawawa. Iye akuti munthu wokalamba wa khansa nthawi zambiri sagonekedwa ndi chotupa, amagonekedwa ndi kugwa. Ndiye akuyeza aliyense kuti adziwe amene ali pafupi kugwa. Ine ntchito yanga ndi kuyenda pambali pa wodwala, manja ali chire.

Amayamba ndi kufunsa. Anafunsa a Karmarkar, "Agogo, mwagwapo chaka chino?"

"Ine? Ndinayenda m'sitima zothamanga zaka makumi atatu osagwira chitsulo."

"Chabwino. Nanga kukhala pansi pamalo popanda mpando, mwakhalapo kangati?"

A Karmarkar anayang'ana kudenga. "Kumeneko ndi kupumula, mwana wanga."

"Kangati?"

"Katatu. Koma Bahadur asamve, angakauze akwawo."

Mawu akuti kupumula aja anandilasa. Kenako anawayeza kuthamanga kwa magazi atagona, n'kuwayezanso ataimirira, chifukwa ena akadzuka msanga amachita chizungulire. Anawerenga mabotolo a mankhwala awo onse, anawayang'ana maso. Anawakhazika pa mpando kuti adzuke osagwira, ayende mpaka pa mzere wa choko, atembenuke, abwerere. Potembenuka paja anadzandira, ndinawawakha.

Pomaliza anawavula masokosi n'kuwauza kuti atsinzine. Anatenga kaulusi kolimba ngati ka mbedza n'kumawagunda nako kuphazi. "Mukamva, munene kuti eya." Anagunda chala chachikulu, anagunda chidendene. A Karmarkar ali chete. Anasiya kaulusi n'kugwira phazi lonse ndi dzanja. Nkhalamba ija, maso ali chitsinzinire, inati, "Yambanitu, Sisitala, tiyi wanga akuzizira."

Make Kopila, tamvera izi. Sisitala anati mankhwala ena a m'diripi amapha chotupa koma amaphanso misempha ya kumapazi, munthu n'kumayenda ngati waponda pa thonje. Patapata amavuka iye osadziwa, moto umamuotcha iye osamva. Anandiona nkhope n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndinamufotokozera zonse, za bulangete, za basi, za sitolo ya tiyi. Anangoti, "Bambo akowo sananame. Iwenso sunaname."

Mwina adokotala a ku Bharatpur anatiuza, ine makutu anali pa chotupa basi. Zizindikiro zonse unandilembera ndiwe, ine ndikuseka za patapata. Miyezi isanu ndi umodzi ndakwiyira munthu amene anali m'bulangete kudikira kuti mwana wake amugwire.

Tsopano chita izi. Uwapemphe atsinzine, uthyole kamtengo ka tsache, uwagunde nako kuzala, kuchidendene, mpaka kukakolo, uone pomwe ayambire kumva. Uwafunse za kupumula kuja, usatchule mawu akuti kugwa. Ukatero uwawerengere kuyambira pa a Karmarkar mpaka apa, ndi mawu awa: Bambo, ndinagwira. Chipumi changa chinali pamapazi anu mpaka basi inaliza hutala. Ndikhululukireni poganiza kuti munandikana.

Ichi chokha usawawerengere. Ndinauza Sisitala za matailosi, anagwira kumutu. Akuti kwa munthu wa mapazi adzanzi palibe msampha woposa pamenepo. Unanena iwe, ine ndinakuyankha za khola. Chitseko chija chikhalebe chokhoma, dothi lawo lija ndi lomwe lawasunga.

Ndine,
Yamlal


Pune, 27 Juni 2004

Make Kopila,

Ndalandira kalata yako, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Ine ndili bwino, ndipo ndinene zoona, sindinakhalepo wopepuka chonchi chifikire kuno. Koma mantha nawonso andigwira.

Ndiye kuti kamtengo sanakamve mpaka pamwamba pa akakolo, mapazi onse awiri. Ndiye kuti utawawerengera anakhala osadya, kenako madzulo anakufunsa kiyi, n'kunyamula okha bulangete lawo kulowa m'chipinda chatsopano. Mawu awo amene walemba, akuti, "Umuuze kuti chipinda chake ndalowa," ndinakawerengera a Karmarkar. Anati, "Bahadur, pita ukalilire panja, ukundinyowetsera pilo."

Sindikukudzudzula chifukwa chopereka kiyi. Ukanawakaniza bwanji? Amene anapempha mvula ndine, matope ndi angawa.

Ziguduli zimene unayala pa matailosi akuti anazitaya panja, amvekere, "Mwana wanga sanatawase makolo a eni ake kuti ine ndiponde ziguduli." Ndodo akuti ndi ya nkhalamba. Anzawo a pa sitolo ya tiyi akuwaitana mmodzimmodzi kudzaona nkhope zawo pansi, omwe aja ankamva kuti ndine woipa kuposa galu. Ndikamawerenga ndimaseka, kenako ndimakumbuka a Karmarkar akudzandira pa mzere wa choko.

Kuno amene apezeka kuti ali pafupi kugwa timawamanga kansalu kachikasu pamkono, ndipo sadzuka popanda munthu pambali. Kumeneko kansalu kachikasu ndiwe, ndipo uli ndi njati, munda ndi mwana. Komabe yesetsa izi. Budhram akhome nsungwi yolimba m'mbali mwa khoma kuchokera pabedi mpaka pakhomo, uwauze kuti ndi yoyanikapo zovala. Mtsuko wa madzi usakhale m'chipindamo. Akadzuka azikhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire. Mvula yayamba, ndiye pakhomo pakhale chiguduli chopukutira mapazi, chimenecho sangakane. Usiku nyali isazime.

Ndatumiza nsapato zansalu za mphira kunsi, zomanga ndi zingwe. Ndikudziwa chomwe anene, kuti m'chipinda momwe aikamo milungu yawo simulowa nsapato. Uwauze kuti sizinapondepo panja, ndi zoyera ngati masokosi. Sindikuganiza kuti amva.

Sisitala akuti, "Ingowaswani matailosiwo, kapena muthire simenti pamwamba." Ndinamuyankha kuti ndamva. Koma make Kopila, ndingatumize bwanji mmisiri ndi hamala kukaswa chinthu choyamba chimene bambo anga alandira kwa ine ndi manja awiri? Angaganize kuti ndawalanda. Nkhani imeneyi ndi yokamba pamaso. Dashain sali kutali, ndidzabwera, adzandipake tika, kadontho kofiira ka dalitso kaja, pachipumi, ndipo tikadzadya ndidzawanyengerera ndekha. Miyezi yochepa yokhayi tipirire.

Uwauze kuti ndagwira mapazi awo kuchokera kuno. Unene mokweza.

Ndine,
Yamlal


Pune, 8 Ogasiti 2004

Make Kopila,

Sindikudziwa ngati unandimva pa foni ya ku sitolo ija, mawu ako ankaduka ndipo mvula inkasokosa pa malata. Ndikulemba msanga, mnyamata wa ku Tulsipur akunyamuka lero, akupatsira. Za umoyo wanga zisiye.

Zimene ndamva ndi izi, undikonze ngati ndalakwitsa. Anasamba pa mpopi m'mawa monga mwa masiku onse, anathyola maluwa a milungu, analowa mapazi ali onyowa, kambale kamadzi kudzanja lina, maluwa kudzanja lina. Nsungwi inalipo, koma analibe dzanja loigwirira. Iwe unali kumunda ukuwokera mpunga, anawapeza ndi Kopila pochokera kusukulu. Adokotala akuti fupa la m'chiuno linali litadyeka kale ndi matenda, opaleshoni singatheke, abwerere kunyumba.

Unkalira kuti ukanapanda kupita kumunda. Leka zimenezo. Mpunga suwokeredwa ndi munthu ali pakhomo. Iwe unanena mu Januwale, Sisitala ananena mu Meyi, amene anati tidikire Dashain ndine.

Uziwatembenuza pafupipafupi, usana ndi usiku, kuti asatuluke zilonda kumsana. Pakati pa mawondo uikepo pilo. Uziwakweza mutu pomwa, asatsamwe. Akayamba kutentha thupi kapena kupuma mobanika, tuma munthu kwa a zaumoyo nthawi yomweyo. Njati ikafunika kugulitsa, gulitsa, usadikire kundifunsa.

Abwana akuti ndidikire apeze wolowa m'malo mwanga. Ndawauza kuti Loweruka ndikukwera sitima, apeze asapeze. Sisitala wandipatsa mafuta opaka kumsana ndi nsalu ya pulasitiki yoyala pabedi.

Uwauze kuti ndili m'njira. Uwauze adikire.

Yamlal


Pune, 24 Okutobala 2004

Make Kopila,

Moni kwa iwe ndi Kopila. Ndinafika bwino, ntchito anandisungira. Ndikudya, usadandaule. Tsitsi lomwe ndinameta pa maliro a Bambo layamba kumera, koma zoyera za maliro ndikuvalabe, ndipo odwala atsopano amandiyesa dokotala.

Dzulo anzathu a kwathu anasonkhana kwa Hikmat kupakana tika ya Dashain. Ine sindinapite, chaka chamaliro munthu sapakidwa. Ndinakhala pa masitepe kumaganiza kuti tsiku limene ndinkati ndidzakambe nawo za matailosi ndi limeneli.

Unandifunsa kawiri zimene tinakambirana tsiku lomwe ndinafika, iwe utatuluka kukawiritsa madzi. Sindinakuyankhe, ngakhale m'masabata atatu aja amene tinkawatembenuza limodzi, ngakhale pa masiku khumi ndi atatu a maliro. Papepala mwina nditha.

Nditalowa anali chagada, maso kudenga, mutu osatha kuudzutsa. Anati, "Ndani?" Ndinati, "Ndine, Bambo." Ndinapita kumiyendo kwa bedi, ndinagwada pa matailosi anga aja, n'kuika chipumi pamapazi awo. Anali ozizira, opepuka ngati a mwana. Tinakhala chete tonse awiri, ine kudikira, iwo kudikira. Ndinazindikira kuti tayambanso zomwe zija.

Kenako anati, "Wafika kale kumapaziko?"

"Ndafika, Bambo."

"Ndiye sunena bwanji, chitsiru iwe? Bwera nawo kuno mutuwo, dzanja langa silifika kumeneko."

Ndinasendera, anaika dzanja pamutu panga. Silinachoke msanga. Anati, "Tsiku lija ndinafunda dala kuti usaone nkhope yanga. Ndinkati akangogwira, ndivundukule ndimudalitse. Ndinadikira mpaka basi inapita."

Ndinawauza kuti ndawagwetsa ndine, kuti ndinadziwa mu Meyi ndipo ndinaopa kuwakhumudwitsa, kuti mawa lomwe ndiitana Budhram adzaswe zonse. Anandikoka khutu, mphamvu zinalipobe pang'ono. "Ukaswa ndidzakutsata. Anzanga onse amagwera m'khola, m'ndowe. Ine ndagwera pa matailosi a mwana wanga, mudzi wonse ukudziwa." Anaseka mpaka chiuno chinawapweteka. Ine sindinaseke, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ananena zoona kapena ankangondipeputsira katundu.

Anthu pa maliro ankati inali nthawi yawo, matenda anali atafika kale m'mafupa. Mwina. Koma chotupa chinali chitaphwa, ankadya, ankayenda kupita ku sitolo ya tiyi. Akanaona Dashain uyu, make Kopila. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa, koma ndimaganizabe za hamala imene sindinatumize.

Matailosi asiye monga ananenera. Koma mayi ako akabwera kudzakhala nawe m'nyengo yozizira, asagone m'menemo. Uwapatse chipinda chadothi, ndipo akadandaula kuti tikuwamana chabwino, uwawerengere kalata ino. Uwayang'anenso mmene akudzukira pa mpando, ndinaona pa maliro kuti amayamba agwira khoma.

Sisitala Aleyamma tsopano amandisiyira kaulusi kaja kuti ndiziyeza odwala atsopano iye akulemba. A Karmarkar akadalipo, kansalu kachikasu kali pamkono, sakudzukanso kawirikawiri. Madzulo ndimawasambitsa mapazi ndi kuwapaka mafuta. Ndikangowagwira ndimanena mokweza kuti, "Ndagwira, agogo." Poyamba ankati Bahadur wapenga, akulankhula ndi zidendene. Nditabwerako anaona zovala zoyerazi, sanafunse kanthu. Dzulo nditanena kuti ndagwira, anatambasula dzanja n'kuliika pamutu panga, amvekere, "Ndamva, Yamlal."

Mpunga mukamweta undiuze kuti watuluka bwanji. Kopila umugulire juzi, kuzizira kwayandikira.

Ndine,
Yamlal